Galimoto Imene Wilbroad Anathamangitsa

Wilbroad Sakala anabwerera kwawo ku Kawaza kumapeto kwa 1974, mvula itangoyamba, atalandira telegalamu yakuti atate ake agundidwa ndi njati. Ananyamula kachikwama kamodzi kokha poganiza kuti akhala milungu yochepa, kenako abwerera ku yunivesite ya ku Mangalande kumene ankafufuza masamu. Koma mtsinje wa Lupande unasefukira, msewu wa ku Chipata unasanduka matope okhaokha, ndipo chigwa chonse chinatsekeka.

Atate ake, a Amon, anali sikauti, mmodzi wa alonda a nyama za m'nkhalango. Njatiyo inawang'amba mwendo kuchokera pabondo kutsikira m'munsi. Kudisipensale anawasoka, bala linaoneka ngati lapola, koma pofika mu Epulo linatsegukanso n'kuyamba kununkha. Galimoto ya pakampu ya masikauti inali itafa kalekale, ili pamiyala yopanda matayala. Amene ankawasamalira a Amon anali Dora, mlongo wake wamkulu wa Wilbroad. Amayi awo anali atamwalira kale, choncho kutunga madzi, kuchapa nsalu zomangira bala, kupirikitsa anyani m'munda, zonse zinali pa Dora. Wilbroad ankathandiza akauzidwa chochita. Akapanda kuuzidwa ankakhala pansi pa mtengo wa msikizi kuseri kwa nyumba n'kumalemba.

Ntchito yake inali yovuta kuifotokoza kumudzi, ndipo anali atasiya kuyesa. Akatswiri a fizikisi ankafuna kumvetsa mphamvu zimene zimagwira tizidutswa ta m'kati mwa atomu kuti tisamwazike. Kumbali ina akatswiri a masamu anali ndi nthambi yawoyawo yophunzira zinthu zopindika ndi zopotoka, imene ankaichita poikonda chabe, osaganizako za atomu. Wilbroad anali mmodzi wa anthu ochepa amene anayamba kuona kuti magulu awiriwa akunena chinthu chimodzi m'zinenero ziwiri. Ankagwira ntchito ndi Dokotala Harris, mzungu wa fizikisi, wamkulu kwa iye. Harris ankabweretsa mafunso, Wilbroad ankapeza njira. Pamene telegalamu inkafika anali atatsala pang'ono kumaliza umboni wakuti mphamvuzi, ngakhale zitapotana bwanji m'malo opanda kanthu, zingathe kuwongoledwa pang'onopang'ono mpaka kuzimiririka. Mapepala onse anawasiya patebulo la Harris.

Pansi pa msikizi paja, mvula ili m'kati, Wilbroad anazindikira kuti umboni wake unali wolakwa. Panali mipotoko ina imene siwongoka, ngakhale munthu ataikoka chotani. Poyamba anachita manyazi, koma kenako anaona kuti cholakwacho chinali chokoma kuposa chimene ankafuna kutsimikizira. Analibe womuuza. Makalata sankatuluka m'chigwa.

Mu Juni, msewu utauma, Landirova yoyera inaima pabwalo cha m'ma naini koloko m'mawa. Munatsika Harris, nkhope itafiira ndi dzuwa, atavala chisoti chatsopano.

"Muli bwanji," anatero kwa Dora, mawu amene anali atangowaphunzira kwa dalaivala.

Dora anayankha, n'kupukuta manja ndi kutulutsa mpando. Maso ake sanali pa mlendoyo, anali pa galimotoyo. Koma mlendo sayamba wapemphedwa kanthu asanapume, choncho analowa m'nyumba kukakonzera atate ake pogona, kudikira kuti amunawo amalize kulonjerana.

Wilbroad anasangalala zenizeni. Anagwira dzanja la Harris ndi manja awiri. Harris anafotokoza m'Chingelezi kuti anabwera ku Lusaka kumsonkhano, ndipo anabwereka galimoto kuti adzamuone. Ankagona pakampu ina ya alendo m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, kufupi ndi Nkwali. Anafunsa za a Amon, anamvetsera pang'ono, kenako anatsegula chikwama.

"Ndafuna kuti uone wekha, usamve kwa ena," anatero, n'kumupatsa kabuku kosindikizidwa. "Ntchito ija inatuluka."

Wilbroad anawerenga mutu, kenako mzere wa pansi pake. Panali dzina limodzi. Anatembenuza masamba. Zojambula zinali zake, kalongosoledwe kanali kake, ngakhale zilembo zimene anasankha kuimira zinthu zinali zomwezo. Dzina lake analipeza pa tsamba lomaliza, m'timalemba tating'ono, pamodzi ndi la mayi amene anataipa.

"Mukundithokoza chifukwa cha zokambirana zothandiza," anatero.

"Ndilole ndifotokoze."

"Fotokozani."

"Panali anthu ena amene ankathamangira funso lomwelo. Sitikanadikira. Lamulo la osindikiza ndi lakuti wolemba aliyense asaine, ndipo iwe sunkapezeka. Akuluakulu a kuntchito ankanena kuti unachoka osatsanzika bwino, mwina subweranso. Ndinalimbana nawo, Wilbroad."

"Munalimbana nawo mpaka dzina langa linagwa."

"Si choncho."

"Munalembapo chiyani inuyo? Ndionetseni mzere umodzi." Wilbroad anatambasula kabukuko patsogolo pa Harris. "Uwu? Uwu ndinaulemba m'khitchini mwanu, akazi anu akundiuza kuti ndichotse mapepala patebulo. Nanga uwu? Munatha mwezi wathunthu osaumvetsa. Ndinkakubwerezerani ngati mwana wa Sitandade Wani."

"Funso linali langa," anatero Harris, mawu ake atayamba kuuma. "Popanda ine sukanadziwa kuti masamu akowo ali ndi ntchito. Ndipo ndine ndinakupezera malo kuja. Usaiwale."

Apa ndiye pamene Wilbroad anaimirira, mpando n'kugwera kumbuyo. Ana amene anali atazungulira galimoto anathawira kuseri kwa nkhokwe.

"Ndiye wabwera kudzatani? Kudzalandira zikomo? Wayenda ulendo wonsewu kudzandionetsa zimene wandibera, kuti ukagone bwino ukuti ndinamuuza pamaso?"

"Ndabwera kudzakutenga. Pali gawo lachiwiri, ndipo ilo lidzakhala ndi mayina awiri, ndikulonjeza."

Wilbroad anaseka, koma sikunali kuseka kwa chisangalalo.

"Gawo lachiwiri la chiyani? Chimene wasindikizachi n'chabodza. Ndi cholakwa kuyambira pakati mpaka kumapeto. Waba mbuzi yodwala."

"Chalakwika pati?"

"Si ndiwe mwini wake? Kapeze wekha. Choka pano."

"Wilbroad."

"Ndati choka pakhomo pa atate anga."

Anaponya kabukuko m'galimoto kudzera pawindo. Dalaivala, amene sanamve mawu onse koma anaona nkhope, anali ataliza kale injini. Harris anakwera, ndipo galimoto inatembenuka n'kulowa m'njira ya m'mitengo ya mopani.

Dora anatuluka m'nyumba atanyamula bulangete lopinda ndi kachikwama ka zovala za a Amon. Anaona fumbi lokha.

"Yapita kuti galimoto?"

"Ndamuthamangitsa. Ndi mbala ameneyu, asisi. Wandibera ntchito ya zaka zonse zija."

Dora anaika katundu pansi pang'onopang'ono.

"Wathamangitsa galimoto."

"Simunamve zimene wachita. Wachotsa dzina langa."

"Dzina." Dora anamuyandikira. Sanakweze mawu, chifukwa a Amon anali m'nyumba. "Lowa m'nyumbamo ukanunkhize mwendo wa atate ako. Lowa. Chichokereni mvula ndakhala ndikuyang'ana njira iyi. Ndinapita wapansi mpaka ku Jumbe kukapempha malole a thonje, onse akuti sabwera kuno. Lero galimoto yabwera yokha, yaima pakhomo, iwe waithamangitsa chifukwa cha dzina."

"Sindinaganize."

"Umaganiza tsiku lonse. Ndimakuona pansi pa mtengo uja, ukuganiza. Ine ndikuchapa mafinya, iwe ukuganiza."

"Asisi, ntchito imeneyi ndi moyo wanga wonse."

"Nanga wanga? Ukuyesa ine ndinabadwa ndikudziwa kuchapa mabala? Ndinali patsogolo pako kusukulu ya mishoni, ndipo masamu sankandivuta. Atate anati mmodzi apitirize, wamwamuna. Sindinathamangitse munthu. Ndinabwera kunyumba n'kutenga khasu. Zaka zonsezi palibe analembapo dzina langa paliponse, ngakhale m'timalemba tating'ono."

Wilbroad anazindikira kuti Dora anamva zonse za m'Chingelezi zija. Anafuna kuyankha, koma m'nyumba munamveka kubuula, kenako mawu a a Amon ofunsa kuti kunjako kuli phokoso lanji.

"Palibe, atate," anatero Dora. Kenako anatembenukira kwa mlongo wakeyo. "Tenga njinga. Ukagwade ngati kufunika kugwada. Usabwere kuno wopanda galimoto."

Wilbroad anapalasa njinga ya atate ake dzuwa lili pamutu. Njira inali ndi maenje a mapazi a njovu amene anauma m'matope, ndipo pena ankatsika n'kumaikankha. Njira yonse ankakonza mawu. Ankayembekezera kuti Harris amuuza kuti apepese kaye, kapena kuti anene kaye pamene umboni unalakwika, ndipo anali atakonzeka kumuda chifukwa cha zimenezo.

Anamupeza atakhala yekha pakhonde la nyumba yaudzu, kabuku kaja kali pamiyendo, pensulo ili m'manja. Pansi pa gombe mvuu zinkapuma m'madzi.

"Atate anga afunika kupita kuchipatala ku Chipata," anatero Wilbroad, ali chiimire. "Lero. Ndikupempha galimoto."

Harris anatseka kabukuko.

"Bwanji sunanene poyamba paja? Tiye."

Sanafunse kanthu kena. Anaitana dalaivala, anapempha matiresi kwa woyang'anira kampu, n'kukweza njinga pamwamba. Wilbroad anakhala kumbuyo, mtima ukumutentha kuposa mmene unalili m'mawa. Munthu amene anamubera anali kumuchitira chifundo popanda mtengo, ndipo panalibe pomugwira.

A Amon anawagoneka pamatiresi kumbuyo, mutu uli pamiyendo ya Dora. Fungo linadzaza galimoto yonse, moti dalaivala anatsegula mawindo onse ngakhale kunali fumbi. Galimoto ikagunda dzenje a Amon ankaluma mano, osalira. Wilbroad anakhala pakati kutsogolo, phewa lake likugundana ndi la Harris.

Atadutsa Jumbe, msewu utayamba kukwera mapiri, Harris analankhula osamuyang'ana.

"Sindikukulipiritsa. Ukhoza osayankha. Koma ndayang'ana masana onse ndipo polakwika paja sindikupaona."

Wilbroad anali atasunga chinthu chimenechi miyezi yambiri popanda womuuza, ndipo munthu yekhayo m'dziko lonse la Zambia amene akanachimvetsa tsiku limenelo anali uyu. Zinamunyansa kuti ankafunitsitsa kunena. Anamasula lamba wa buluku lake.

"Gwirani uku." Anapotokola lambayo kamodzi, n'kumumanga pachitsulo chake kuti akhale wozungulira. "Tsopano muwongoleni osamasula."

Harris anayesa. Anakankhira mpotokowo mbali ina, unangosamukira kwina. Anaufinya, unakhalabe.

"Simungathe," anatero Wilbroad. "Malo alionse amene mungayang'ane pafupi, lambayu ndi wowongoka bwinobwino. Ndicho chimene ndinatsimikizira ine, malo amodziamodzi, ndiye ndinaganiza kuti ndatsimikizira lamba yense. Koma kupotokako sikukhala pamalo amodzi. Kuli m'chinthu chonse. Mphamvu zanu zija zikhoza kumangika chimodzimodzi kutali kumene zimathera. Ndipo zikamangika, mipotoko imawerengeka: umodzi, iwiri, itatu. Palibe njira yochokera pa umodzi kupita pa ziro pang'onopang'ono."

"Ndiye malo opanda kanthu si amtundu umodzi," anatero Harris motsitsa mawu.

"Ndi ambiri, ndipo amasiyana ndi nambala imeneyo. Ndili ndi chitsanzo chimodzi chathunthu. Ndachiyesa mbali zonse."

Harris anayang'ana lamba uja m'manja mwake. Nkhope yake inali itasintha, ndipo kwa kanthawi Wilbroad anakhutira. Kenako Harris anapukusa mutu.

"Kumsonkhano ku Lusaka kunali munthu wina amene anali atangochokera ku Ulaya," anatero. "Ananena kuti pali gulu lina kumeneko limene lapeza chinthu chonga ichi, chokhala ndi nambala yosasintha. Akuti alemba kale, chikudikira kusindikizidwa. Ine ndinamuseka. Ndinamuuza kuti sizingatheke, ndinamuonetsa kabuku kaja."

Wilbroad anamva ngati galimoto yagwera m'dzenje.

"Alemba kale."

"Ndi mmene ananenera."

"Ine ndinachipeza mu Febuluwale."

"Ndikukhulupirira. Koma amene adzasindikize poyamba ndi iwo." Harris anabweza lambayo. Kenako, mwina pofuna kumutonthoza, mwina pofuna kudzitonthoza yekha, anawonjezera kuti, "Mwina wachita mwayi. Dzina limene lili pa cholakwacho ndi langa. Anthu adzaseka ine, osati iwe."

"Imitsani galimoto," anatero Wilbroad kwa dalaivala m'Chinyanja.

Dalaivala anachotsa phazi pamafuta.

"Mwayi? Mukanandidikira, mukanandifunsa, tikanachiona tonse chisanatuluke. Mukanatumiza munthu, ngakhale pa wailesi ya masikauti mukanandipeza. Munathamangira kuika dzina lanu pa chinthu chimene simunachimvetse, ndipo lero mukundiuza kuti ndachita mwayi?" Anali atagwira malaya a Harris pachifuwa. "Imitsani, nditsike naye ameneyu."

"Galimoto iyi siima," anatero Dora kumbuyo. "Adalaivala, pitirizani. Wofuna kutsika adumphe ikuyenda."

Dalaivala anayang'ana pagalasi, n'kuponda mafuta. Wilbroad anasiya malaya aja.

Anafika ku Chipata dzuwa likulowa. Dokotala wa pachipatalapo atamasula nsalu n'kuona bala, anafunsa kuti n'chifukwa chiyani anachedwa chotero, koma sanadikire yankho. Anati mwendo uyenera kudulidwa pamwamba pa bondo, apo ayi mwamunayu samaliza sabata. A Amon anali atatentha thupi kwambiri moti sankadziwa kumene ali. Dora ndiye anavomera.

M'mawa mwake Harris anabwera kudzatsanzika. Anapeza Wilbroad pabenchi panja pa wodi. Ananena kuti akalemba kwa osindikiza kuti ntchito ija ndi yolakwa, ndipo akanena poyera amene anapeza cholakwacho komanso amene analemba umboni woyambawo.

"Lembani zimene mukufuna," anatero Wilbroad.

"Malo ako adakalipo. Ndikalankhula nawo."

"Musalankhule ndi aliyense za ine."

Harris anatambasula dzanja. Wilbroad analiyang'ana mpaka Harris analibweza yekha. Dora ndiye anaperekeza mlendoyo kugalimoto n'kumuthokoza, manja ali pamodzi, monga amathokozera munthu amene wapulumutsa kholo. Pobwerera anadutsa Wilbroad osamuyang'ana.

A Amon anatsitsimuka masana. Anafufuza ndi dzanja pansi pa bulangete, ndipo atapeza pamene mwendo unathera anatseka maso.

"Anavomera ndani?" anafunsa.

"Ine, atate," anatero Dora.

"Sikauti wa mwendo umodzi munamuonapo? Ndidzalondola chiyani, akamba?" Anatembenukira kukhoma, ndipo tsiku lonse anakana madzi m'manja mwa Dora. Ankangolandira kwa Wilbroad. Dora anaimirira n'kutuluka, ndipo Wilbroad atamutsatira anamupeza kuseri kwa wodi akulira mwaukali, akumenya khoma ndi chikhatho.

"Ine ndawapulumutsa, akudana nane," anatero. "Iwe unathamangitsa galimoto, akumwa madzi ako. Bwerera m'katimo. Usandigwire."

A Amon anachira, ndipo anakhala zaka zina zambiri akuyenda ndi ndodo. Anamukhululukira Dora mochedwa, ndipo sananene n'komwe kuti amukhululukira. Anangoyambanso kumuitana kuti awapatse fodya.

Harris anachita zimene analonjeza. Kukonzako kunatuluka, ndime imodzi yokha, ndipo dzina la Wilbroad linalimo kawiri, poyamba monga wolakwitsa, kachiwiri monga wopeza cholakwa. Ntchito ya gulu la ku Ulaya lija inatuluka chaka chomwecho, ndipo anthu anaithamangira. Wilbroad analemba yake ali pabenchi ya chipatala n'kuitumiza yekha, koma anamubwezera ndi mawu aulemu akuti zimenezi n'zodziwika kale.

Ku Mangalande sanabwerere. Anapeza ntchito yophunzitsa ku Lusaka, ndipo anayamba funso lotsatira, lakuti pa nambala iliyonse pali mipotoko yamitundu ingati. Ophunzira ake ankamuopa. Aliyense wobweretsa yankho ankafunsidwa kuti wathandizidwa ndi yani, ndipo wobisa mnzake ankatulutsidwa m'kalasi.

Harris anamulembera kangapo. Wilbroad ankayankha mbali ya masamu yokha, mwachidule, popanda moni. Dora anakhalabe ku Kawaza ndi atate awo. Wilbroad atamuitana kuti adzakhale ku Lusaka alowe sukulu yamadzulo, iye anatuma uthenga wapakamwa kudzera mwa dalaivala wa basi wakuti mapira sanakololedwe, ndipo ngati akufunadi kuthandiza abwere yekha adzakolole.